Minga Yanga Pachipata cha Kumwamba

Usiku wathawu ndinalota zoseketsa, amayi anzanga, ngakhale manyazi alimo. Tasenderani kuno amayi busa asanafike. Paja mukudziwa kuti mbuzi za aNagama, oyandikana nane aja, zitandidyera mpiru, ndinatseka ndi minga ya kankhande kanjira kodutsa pakhomo panga kupita kumjigo. Chiyambire pamenepo iwo amazungulira cha kumanda ndi bondo lawo lotupa lija, ndipo akandipatsa moni ndimayang'ana kumbali.

Ndiye kutuloko ndinapezeka ndavala zamvano, bulauzi yoyera mbee, ndikukwera chulu. Chulucho chimangotalika, chimangotalika, mpaka ndinatulukira pamzinda uja anatiwerengera Lamulungu, wa zipata khumi ndi ziwiri. Ndinaima pachipata choyamba, ndinanyonyomala pang'ono n'kuti, "Odi kuno." Zii. Chachiwiri, "Odi." Zii. Ndinazungulira zonse mpaka mawu anasasa.

Chipata chomaliza chinatsokomola.

"Mayi, odi ndi wa pakhomo potseka. Ine chindipachikireni sindinatsekedwepo, ndi mpiringidzo womwe ndilibe. Mukudikira ndani?"

"Ndimati mwina eni ake akudya," ndinatero.

"Kuno amadya chitseko chili pululu. Lowani."

Ndiye ndikuti ndiponye phazi, mwadzidzidzi panatulukira a Kamtedza, alembi a mpingo athuwa, atavala jekete lawo la pa Mgonero. Ali mkati mondipatsa moni, jekete linachita mawangamawanga, khosi n'kuonda, basi asanduka nkhanga, magalasi ali lende pamlomo.

"ANachanza, ana awa ndi anu?"

Kucheuka, minga yanga yonse yandanda pambuyo panga ngati anapiye, ina ikupalasa pansi.

"Sindikuwadziwa," ndinatero ine, wamvano wathunthu.

Kamunga kakang'ono kanayamba kusisima. "Amayi, mwatikana? Si inu munatidula kudambo Lolemba lija, n'kutisenza pamutu, n'kutiuza kuti tizilasa aliyense wodutsa?"

"Muno anthu amayenda opanda nsapato," inatero nkhanga ija. "Ana oterewa sitilowetsa. Komanso mayi salowa n'kusiya ana panja. Kaganizeni bwino." Itatero inathawira m'udzu.

Ndiye ndinakhala pansi, minga n'kumandikwera pamiyendo kufuna kuyamwa. Kusuzumira mkati, ndinaona mtsinje uja wa madzi a moyo, koma unali mjigo wathu womwewu, chogwirira chili chagolide, ukudzipopa wokha uku ukuimba nyimbo ya kwaya. Pambali pake panali mtengo wobala mwezi ndi mwezi: nthambi iyi mango, iyo masuku, inayo zitumbuwa zamoto. Apampando a komiti ya mjigo analinso pomwepo atasanduka chule, akungouza aliyense kuti, "Tungani, tungani, kuno kulibe mzere."

Mwadzidzidzi ndinamva ndowa ikulira kunja kwa linga. Anali aNagama, akutsimphina, ndowa pamutu. Akati afike pachipata, minga yanga imathamanga n'kukagona pakhomo, iwo n'kupitirira mwakachetechete kuchipata china. Ndowayo ndi imene imadandaula.

"Chizungulireni dzana, ine dzimbiri landigwira. Mayi inu, tawalangizani anawa."

Kenaka panabwera mngelo, chitenje chili paphewa, n'kuyamba kuwapukuta misozi aNagama. Akapukuta, ina yatuluka. Akapukuta, ina yatuluka. Anafinya chitenje chija n'kundiyang'ana, osakwiya ayi, ngati mmene amayang'anira anamwino.

"Kupukuta ndi ntchito yathu, aNachanza, ndipo sititopa nayo. Koma misozi iyi alipo amene akuipopa kumudzi."

"Nanga mpiru wanga?" ndinafunsa.

"Mpiru munausiya pambalambanda, mpanda n'kukamangira anthu."

ANagama anatula ndowa, n'kukhala pambali panga uku akusisita bondo. "Mbuzi zija ndinazimanga tsiku lomwelo, anzanga. Mukanandiyankha moni ndikanakuuzani."

Ndiye ine ndinadzuka, ndinakwinya chitenje, n'kuyamba kuikoka mingayo umodzi umodzi, iyo ikufunsa kuti, "Amayi, mukupita nafe kuti?" Ndinati, "Kumoto, ana anga. Mukawiritse madzi othowera bondo la aNagama." Ing'onoing'ono inavomera, ina mpaka kuthamangira kutsogolo. Koma nthambi yaikulu, imene ndinaitsindira ndi mwala pakanjira paja, inakakamira pachipata. Ine kukoka, aNagama andigwira m'chiuno, chule uja wagwira aNagama, nkhanga yatuluka m'udzu ikuwerenga kuti, "Wani, thu." Nthambi ija ikungokhulika pamsewu wagolide, kwee, kwee, kwee.

Kutsegula maso, kunja kwayera. Anali bambo akunyumba akunola chikwanje pamwala kuseri kwa khitchini. Ndinawaitana ndili pamphasa pomwepo kuti, "Mukatha musapite nacho kudimba. Chiyambe ntchito pakanjira apo."