Matabu anga 147 ndi dazi la a Daka

Ndisanayambe, mboni zanga ndi izi: a Daka, wapampando wa kopaletivu yathu ya alimi ku Luembe, ndi amai Mwanza, amene amagulitsa nthochi pamseu ku Nyimba. Onse ali moyo. Mukafunsa a Daka akuuzani kuti matabu anali mazana atatu. Limenelo ndi bodza loipitsa mbili ya munthu. Anali 147.

Kwa amene simudziwa, tabu ndi tsamba la pa intaneti limene watsegula n'kulisiya choncho. Ine sinditseka, ndipo si ulesi. Kwathu netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha, chulucho chilinso ndi mwini wake. Ndiye ndikapita ku Petauke kwa mlamu wanga amene ali ndi intaneti ya waifayi, ndimatsegulilatu zonse zokawelenga kumudzi: mitengo ya mbuzi, matenda a nshawa, maulaliki, mpila. Ndimatuta masamba monga anzanga amatutila chimanga. Laputopu imatentha ndithu, moti nkhuku ina inafungatilapo mazila mpaka kuswa (amai Mwanza anagulako mwanapiye mmodzi, afunseni).

Tsikulo linali lomaliza kutumiza maina a alimi oti alandile feteleza, kutseka folo koloko. Ine, monga mlembi, ndinali nditadzaza fomu kwa masiku awili, maina makumi anai. Kunangotsala kudina kuti ipite. Ine ndi a Daka tinakwela minibasi mpaka ku Nyimba, tinakhala pakhonde la kashopu kena pamene netiweki imagwila bwino. Alimi ena anatilondola panjinga kuti adzaone maina awo akupita.

Ndinatsegula laputopu. Matabu akachuluka amapanikizana ngati mano a chipeso, osaonekanso dzina. Fomu ili pati? Ndisanaganize n'komwe, netiweki inalowa, masamba onse anadzuka nthawi imodzi. Mau a mwamuna wina anatuluka, omveka mpaka kusiteshoni:

"Bambo, kodi dazi likukuchititsani manyazi? Kodi akazi anu amadziyang'anila pamutu panu akamadzola?"

Amai Mwanza anayang'ana chipewa changa chosavula nthawi yaitali.

"A mlembi, ndiye nkhani yake ndi imeneyi? Ife timati ndi dzuwa."

"Ndi dzuwa, amai. Tsambali ndinatsegulila mnzanga."

"Mnzanuyo amavala chipewa chanu chomwechi?"

Ndinayamba kudina paliponse kuti ndimutseke pakamwa munthuyo. Panatuluka mbuzi. Panatuluka mlaliki, nayenso n'kuyamba kulalika, awiliwo akupikisana. Kenako panatuluka tsamba la zilembo zazikulu, ndipo a Daka, amene masiku onse amati maso awo saona bwino, analiwelenga mokweza osaphonya liu: "Mmene mungachotsele wapampando pa udindo mwamtendele."

"Zimenezo ndi za maphunzilo chabe, bambo," ndinatelo.

"Mukhoza bwino mayesowo," anatelo a Daka. "Nthawi ili bwanji?"

Kunatsala mphindi makumi awili. Alimi aja anali atatsika panjinga n'kundizungulila, osaseka. Feteleza sasekela.

"Tsekani limodzilimodzi," analamula a Daka. "Lotsalalo ndilo fomu."

Ndinachondelela kuti ena mwa masambawo ndakhala nawo kuyambila mvula ya chaka chatha. Sanamve. Ndinatseka mbuzi, ndinatseka mlaliki ali pakati pa vesi, ndinatseka dazi. Lililonse a Daka amayamba aliwelengela anthu mutu wake, ngati akuitana maina pamalilo. Lelo Luembe yonse ikudziwa kuti ndinafufuzapo ngati munthu wa zaka makumi asanu angaphunzilebe gitala.

Fomu inali ya nambala 147. Yomalizila yeniyeni, ndikulumbila. Inapita kutatsala mphindi zinai. Alimi anaombela m'manja a Daka. A Daka, amene ntchito yawo yonse inali kuwelenga zinsinsi za mnzawo.

Chimene chimandipweteka kwambili si chimenecho ai. Pobwelela, m'minibasi, a Daka anandiyandikila. Muyenela kudziwa kuti dazi lawo limayambila pa nsidze n'kukathela m'kolala. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona:

"A mlembi, mankhwala aja amati dzina lake ndi chiyani?"

"Tsamba lija munalitseketsa ndinu, bambo."

"Simungalipezenso?"

Ndinawauza kuti ndikalipeza mawa ku Petauke. Ndikatsegulanso ndithu, pamodzi ndi lija la wapampando.