Batani Londiimbira ndi Simbi ya Mayi Abusa

Mpaka lero minibasi ikaima pa Phalula ndimawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato, ngakhale ndavala patapata. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu paja saiwala nkhope, ndipo ena mwa iwo analipo tsiku lija.

Ine ndimaimba kiyibodi. Kapena ndinene kuti anthu amadziwa kuti ndimaimba kiyibodi. Kwathu kwa Mposa ndikakhala pampando m'tchalitchi, ngakhale agogo a nyamakazi amadzuka n'kuvina. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti ine ndimadziwa kiyi imodzi basi, ya pa mano akuda a kiyibodi aja. Mano oyera ndimawalambalala ngati apongozi. Woimba akayamba nyimbo pamwamba kapena pansi, pali batani lina, oimbafe timati thiransipozi. Ukalidina, kiyibodi imakweza kapena kutsitsa mawu yokha, zala zako zili pomwe paja. (Musandiyang'ane choncho. Tilipo ambiri, kungoti enawo sanagwidwebe.)

Tsiku lina foni inalira. Anali a Nampeya, mkulu wa bandi ina ya nyimbo zauzimu ya ku Balaka, bandi yokhala ndi yunifolomu ndi masipika aatali kuposa ine. Woimba kiyibodi wawo anali atapita ku Joni osatsanzika.

"Achimwene, tamva mbiri yanu," anatero. "Tili ndi chikondwerero cha nyimbo pa Phalula Lachisanu likubwerali. Mubwere mutithandize ngati mlendo. Mukatisangalatsa, mpandowo ndi wanu mpaka kalekale."

Munthu wanzeru akanakhala chete mpaka zitheke. Ine mtima wanga sudziwa kukhala pansi. Lamulungu lomwelo ndinaimirira m'tchalitchi n'kutsanzika mpingo wonse. Ndinati Ambuye andikuzira malire. Mpando wanga ndinaupereka pamaso pa anthu kwa a Luwisi, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankausirira kuyambira kalekale, ndipo ndinawasisita paphewa n'kuwauza kuti alimbikire, adzafika. Amayi anaimba nthungululu, ena analira. Choncho pokwera kabaza Lachinayi, ndinkadziwa kuti kubwerera kulibe. Mpando wa ku Balaka ukandiphonya, ndikhala wopanda mpando kulikonse.

Pokonzekera ndi bandi zonse zinayenda myaa. Woyambitsa nyimbo anali asisi Esinati, mayi wa mawu okoma koma wosaseka wamba. Iwo akayamba, ine ndinkakhosomola pang'ono, dzanja lamanzere n'kupita pa batani mwakabisira. A Nampeya anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Koma ku Machinga kuli anthu."

Lachisanu linafika, magetsi n'kuthima m'mamawa. Anabwereka jenereta ya Che Jafali, wamalonda wa pamsika pomwepo. Che Jafali anailiza, anaimvetsera, kenako anatiitana tonse.

"Ine ndikupita kukaswali, lero ndi Ijuma," anatero. "Iyi ndi nkhalamba. Masipika ndi zoimbira zanuzi ikwanitsa. Koma chonde, musalumikizeponso china chilichonse. Mwamva?"

"Tamva, Che Jafali," ndinayankha ineyo, mokweza kuposa onse.

Atangokhota, ndinayang'ana jekete langa loyera. Linali litakwinyika m'chikwama ngati lakhalidwa ndi mbuzi. Ndinayenda uku, ndinayenda uko, ndinalikoka, ndinalipaka malovu, osatheka. Munthu woyamba ntchito yatsopano angakwere pa siteji chonchi? Ndinathamangira kunyumba ya abusa kuseri kwa bwalo n'kupempha simbi. Ya makala inali ndi anthu ena, choncho mayi abusa anandipatsa yamagetsi. Ndinazemba kuseri kwa siteji, ndinailumikiza pa chingwe cha jenereta, n'kuyamba kusita pa benchi. Ndisanamalize mkono wachiwiri ndinamva pa chimkuzamawu akuitana bandi yathu. Ndinaimika simbi ija chilili, jekete paphewa, ulendo. Kuizula pa chingwe? Iyayi, zimenezo ndinazikumbukira mochedwa.

Tsono simbi yamagetsi ili ndi khalidwe lake. Ikatentha imazima yokha, ikazizira imayakanso yokha. Ikayaka, nkhalamba ya Che Jafali inkatsamwa, magetsi n'kuphethira. Masipika ankangoti phwii n'kupitiriza. Koma kiyibodi inkazima n'kuyakanso, ndipo ikayakanso inkaiwala zonse zimene ndinaiuza pa batani lija. Izi ndikukufotokozerani lero ngati katswiri. Tsiku limenelo sindinkadziwa kanthu.

Bwalo linali lodzaza, fumbi kobo, makwaya ochokera mpaka ku Ntaja atakhala m'mizere ndi mayunifolomu awo. Nyimbo yoyamba inali yovina. Pakati pake jenereta inakhosomola, kiyibodi n'kutulutsa mawu achilendo. Ndinadina batani msangamsanga, ng'oma zinandibisa. Wa gitala yekha ndi amene anandiponyera diso. Thukuta linayamba kutsika m'jekete losita mkono umodzi lija.

Yachiwiri inali yapang'onopang'ono, yoitanira anthu kutsogolo kuti alape. Ng'oma zinaleka, gitala inaleka. Tinatsala awiri, asisi Esinati ndi ine. Ndinatsinzina, mutu kumwamba, monga timachitira tikafuna kuoneka kuti tapita kutali mumzimu. Anthu anayamba kubwera kutsogolo, ena akulira. Pomwepo nkhalamba ija inatsamwanso.

Abale anga, zala zanga zinali pamalo pake, sizinalakwe ngakhale pang'ono. Koma zimene zinatuluka m'masipika zinali ngati mphaka wapondedwa mchira pamaliro. Asisi Esinati anali kwawo, ine kwathu. Ndinatsegula maso, ndinadina batani, koma chifukwa cha mantha ndinapyola. Asisi, poti ndi katswiri, ananditsatira kumwambako kuti anthu asazindikire. Nditaona kuti sitinakumanebe, ndinadinanso. Iwo anakweranso. Mitsempha ya m'khosi mwawo inatuluka, maso ali pa ine, dzanja likundikupizira pansi kuti tsikani. Ine ndinayesa akuti limbikirani.

Kenako magetsi anaphethiranso, kiyibodi n'kugwera pansi mwadzidzidzi, asisi n'kutsala okha kumwamba. Mawu awo anasweka, anangoti kwiii, basi. Bwalo lonse zii. Bambo wina amene anali atagwada akulira anadzuka, anasansa fumbi m'maondo, n'kubwerera kumpando wake asanalape.

A Nampeya anafika pambali panga akumwetulira anthu, koma mano atalumana.

"Siyani batanilo," ananong'ona. "Nyimboyi ndi yophweka, ili pa mano oyera okhaokha. Imbani pamenepo."

Ndinayang'ana mano oyera aja. Nawonso anandiyang'ana. Sitinkadziwana.

"Akulu," ndinatero, "kumeneko sindinafikeko."

"Simunafikeko bwanji?"

"Ndimangodutsako."

A Nampeya anatembenukira kwa amayi a kwaya ina ya pa Phalula pomwepo n'kuwakodola. Mayi mmodzi anayambitsa kolasi pakamwa, anzake n'kulandira ndi m'manja, bwalo lonse n'kuyaka moto popanda choimbira chilichonse. Bambo uja anabwereranso kudzagwada. Ine ndinakhala pampando manja ali pamiyendo, ndipo kunena zoona, zinandiwawa kuona kuti nyimbo ikukoma chifukwa ndasiya.

Ndikuganiza kuti zathera pomwepo, ndinamva fungo la chinthu chopserera. Kuseri kwa siteji kunatulukira Che Jafali, kofia ili pamutu, atanyamula simbi m'mwamba ngati nkhuku yakuba. Inali itagwa chafufumimba n'kudinda benchi la tchalitchi.

"Wasita pa jenereta yanga ndani?" anafunsa. Sanakuwe, koma anaima pafupi ndi chimkuzamawu, choncho funsolo linamveka mpaka kumsika.

Panalibe chifukwa choyankhira. Anthu onse anangoyang'ana jekete langa, mkono wamanja uli see, wamanzere uli khwinyakhwinya. Mayi abusa anagwira pakamwa.

"Si inu munayankha mokweza kuti mwamva?" anatero Che Jafali.

"Ndine, Che Jafali."

"Ndiye mukanapanda kumva mukanalumikiza chigayo?"

Madzulo a Nampeya anandiperekeza pamsewu. Anali aulemu, sananditukwane. Anangoti, "Achimwene, woimba wabwino ndamuona, koma ndi batani lija. Inu munangoliperekeza. Muyende bwino."

Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi kwathu mochedwa dala, n'kukhala kumbuyo. Mbiri inali itandipitirira kale, inabwera ndi ogulitsa nsomba. A Luwisi anali pampando wanga, zala zawo zikuyenda pa mano oyera ndi akuda omwe mosasankha. Potuluka anandisisita paphewa, pamalo pomwe paja ndinawasisita ine.

"Limbikirani," anatero, "mudzafika. Muzibwera Lachitatu ndizikuphunzitsani."

Ndinapitako kamodzi. Anandiyambitsa ngati mwana wa sitandade wani, chala chimodzichimodzi, ndipo matako anga sanapirire. Panopa ntchito yanga m'tchalitchi ndi yonyamula masipika ndi kukulunga zingwe. Koma musaganize kuti sindinaphunzirepo kanthu. Mano oyera aja sindinawadziwebe, zoona. Ndagula batire, kuti tsiku limene adzandiitanenso, kiyibodi isadzazime.