Tsiku limene ndinawalira a Mendulo ali moyo

Ine mawu anga safuna chimkuzamawu, ngakhale kutchalitchi amadziwa. Koma mawu omwewa anandivula ulemu ku Takoma Park, kuno kutsidya kwa nyanja, chaka changa choyamba pa ntchito yosamalira okalamba.

Ndinkasamalira mkulu wina wachiyuda, a Mendel. Ine ndinkawatchula a Mendulo (lilime la ku Dedza silipindika), iwo n'kumaseka. Tinkakangana za mchere, za wailesi, koma tinkakondana.

Tsiku lina, masamba atayamba kufiira, anandigwira dzanja.

"Achimwene, ndinakunenani kuti mumalankhula ngati bingu. Mundikhululukire."

Kwathu nkhalamba ikayamba kupepesa osaiputa, ndiye kuti ikutsanzika. Kenako a Mendulo anaimbira foni mng'ono wawo, kupepesanso. Madzulo anakana chakudya, ndi madzi omwe. M'mawa ndinawapeza atavala mkanjo woyera mbee ngati nsalu ya maliro, akudziguguda pachifuwa. Ndinati basi, ulendo uja ndi uwu.

Ndinaitana ambulansi. Ndinaimbiranso amayi a kutchalitchi kwathu ku Greenbelt kuti abwere ndi nyimbo. Kenako ndinayamba kubuma pakhonde: "Mayo ine! A Mendulo mukundisiya ndi yani!" Agalu a msewu wonse anandithandiza.

Ambulansi inafikira limodzi ndi mwana wawo Rute, yemwe ankadzawatenga kupita kusunagoge. A Mendulo anatuluka ndi ndodo yawo.

"Wamwalira ndani?"

"Inuyo, bwana."

Rute, akupukuta misozi ya phwete, anandiuza kuti linali tsiku la Yom Kippur. Pa tsikuli Ayuda amasala kudya, munthu n'kudzifunsa mmene wakhalira chaka chonse, ndipo ukalakwira mnzako umayamba wapepesa kwa mnzakoyo usanapite kwa Mulungu. Ine ndinangozolika, ndikuganiza kuti ntchito yatha. A Mendulo anandisisita paphewa.

"Maliro anga ndawaona, ayenda bwino. Nanga inu, mupepesa kwa yani?"

Anadzamwalira patapita zaka, mwakachetechete, osatsanzika. Ndinalira chamumtima (Rute anachita kundipempha). Ndimawasowa, ndi mikangano yathu ya mchere yomwe.

Funso lawo lija silinandichoke. Mpaka lero masamba akafiira ndimaimbira foni achimwene anga ku Dedza, amene tinayambana kalekale chifukwa cha malire a munda. Ndimawauza mwaulemu kuti nyengo yopepesa yakwana, ayambe iwowo, ine ndikumvetsera.