Apongozi, Mvumbi ndi Nyumba ya Zipinda Ziwiri

Lolemba

Apongozi afika lero kuchokera kwa Kawinga. Mayi awo a akazi anga. Akuti akufuna aone tawuni ya Balaka maso asanatheretu, aonenso kumene mwana wawo amagona.

Ine ndilibe nawo chifukwa. Koma nkhani ndi iyi. Chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo kumaso. Sindinadyepo iwo akuona. Kumudzi sizinkavuta: ndikawaona akubwera m'njira ndinkalowa m'chimanga, iwo n'kudutsa. Moni tinkapatsana iwo ali kuseri kwa nkhokwe, ine kuno. Ulemu umenewu ndakalamba nawo, tsitsi lathera momwemo, ndipo sindikufuna udzathere m'nyumba ya lendi.

Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri. Khomo limodzi. Chimanga cholowamo kulibe.

Ndiye ndakonza bwinobwino. Masana akazi anga aziwatenga kokayenda, ine ndizitsala pakhomo. Madzulo ndizikhala pakhonde mpaka iwo alowe kuchipinda, ine ndizigona pabalaza. Zokaona:

msika waukulu
sitima ikamadutsa
ku Liwonde, mlatho wa Shire, mwina ndi mvuu zomwe

Tapangananso, kudzera mwa akazi anga, kuti ndikafuna kulowa kapena kudutsa ndizitsokomola. Iwo akamva, azifunda chitenje kumutu n'kuyang'ana kukhoma mpaka nditadutsa.

Akutsika pa kabaza, dontho loyamba lagwa pamalata. Ine ndinali nditaima kuseri kwa bafa. Ndanyowa pang'ono, koma zayamba bwino.

Lachiwiri

Mvumbi. Osati mvula yaukali ija yobwera n'kupita, iyayi. Iyi ndi yofatsa, yosafulumira, yonga mlendo amene wavula nsapato.

Msika ndi matope okhaokha. Za ku Liwonde taziika padera. Akabaza aima pansi pa khonde la sitolo, akuyang'ana kumwamba ngati kuli wowaitana.

M'mawa wonse ndakhala pakhonde ndikuganiza: m'tawuni muno, ndi pati pali denga loti mlendo n'kukhalapo osadwala, osamangidwa? Ndapeza awa:

kanema wa kuseri kwa depoti
sitolo yaikulu ija yodzitengera wekha katundu
saluni
banki, muli mipando yofewa
chigayo

Akazi anga akuti, "Ku banki mayi akatani? Akasungitse fodya wawo wonunkhiza?" Ndati tiyambe ndi kanema.

Apita awiriwo, ambulera imodzi. Ine ndalowa m'nyumba mwanga ngati munthu. Ndatereka tiyi pambaula, ndatambasula miyendo. Ndangoti ndipsontheko kamodzi, ndamva ambulera ikupindidwa pakhomo. Ndatulukira cham'mbali, maso pansi, kapu m'manja.

Ndikumva m'katimo apongozi akuuza mwana wawo: "Anthu akumenyana m'galasi, ife n'kulipira? Kwathu zimenezi timaonera ulere pamjigo, ndipo omenyanawo timawadziwa."

Tiyi ndamalizira pakhonde, choimirira. Mvula ikuwonjezeramo madzi. Sakutha.

Lachitatu

Ikugwabe.

Lero sitolo yaikulu. Apita kadzutsa atangotha. Ndati apa pokha achedwa, poti mashelefu ndi ambiri ndipo apongozi amayenda pang'onopang'ono.

Achedwadi pang'ono. Akazi anga akuti agwira chinthu chilichonse, anunkhiza sopo yense, mlonda akuwatsata pambuyo. Pomaliza atenga kapaketi ka mchere n'kuyamba kunenerera mtengo. Mtsikana wa pamakina akuti mtengo ndi womwe walembedwawo. Apongozi abweza mchere. Akuti, "Sitolo yoti sungacheze ndi mwini wake si sitolo."

Za saluni akana asanamve n'komwe. "Mutu wanga wauona ndani kuti ukufunika kukonza?" Zoona, mpango suchoka.

Chigayo akuti kwawo chiliko, ndipo chimalira bwino kuposa cha kuno.

Masana denga la kuchipinda layamba kudontha. Osati pakona, iyayi, pamphasa ya apongozi penipeni. Taikapo beseni. Kenako poto. Kenako ndowa, mbale ya ndiwo ndi chitini cha utoto. Mwini nyumba ndamutumira mawu, wayankha kuti abwera mvula ikakata.

Ndiye tonse tasamukira pabalaza. Akazi anga amanga chingwe kuchokera pazenera kukafika pamsomali wa kalendala, apachikapo zitenje ziwiri. Uko iwo ndi mayi awo, kuno ine. Khomo lili mbali yawo.

Ndikuona mapazi okha pansi pa chitenje. Ang'onoang'ono, ong'aluka zidendene. Sindikudziwa ngati mapazi nawonso amawerengedwa. Ndayang'ana kudenga.

Lachinayi

Poti mlendo wakana kutuluka, wotuluka ndine. Malo aja ndinawakonzera iwo, ndati ndikawaone ndekha. Ndatsokomola, iwo afunda, ndadutsa.

Banki. Mipando ndi yofewadi. Ndakhala pamzere wa okhala pansi, ukafika pa ine ndikumuuza wapambuyo kuti tsogolani. Ndachita choncho kwa nthawi ndithu. Kenako mlonda wabwera mwaulemu: "Madala, mwabwera kudzatapa kapena kudzasunga?" Ndati, "Ndabwera kudzauma." Waseka, koma chitseko wanditsegulira.

Kanema. Magetsi athima. Anyamata akhala mumdima pamabenchi, akufotokozerana mmene filimu ikanathera.

Chigayo. Magetsi omwewo. Atseka.

Kometa tsitsi. Sindinakulembe, koma kuli denga. Wometa wayang'ana mutu wanga, wayang'ananso: "Timete pati, madala?" Ndati ndikudikira munthu. Wandisiya pabenchi mpaka abwera ofuna kumetadi.

Siteshoni ya sitima. Khonde lilipo lalitali, koma mvula ya kumeneko imabwera cham'mbali. Sitima sinadutse. Kwadutsa mbuzi.

Ndakhala m'tawuni muno zaka zonsezi, ndalondera masitolo ake mpaka mawondo kutha, koma sindinkadziwa kuti munthu wopanda chogula alibe pokhala. Madenga onsewa ali ndi eni ake.

Ambulera yatembenuka ndi mphepo pafupi ndi njanji. Ndafika kunyumba madzi akutuluka m'nsapato. Ndatsokomola pakhomo. Sindinachite kukonza, chabwera chokha.

Lachisanu

Chifuwa. Chenicheni.

Ndapita kumzikiti ku Juma, mapemphero a Lachisanu, ndi jekete lonyowa. Swala itatha anthu amwazikana, ine ndatsala pamkeka. Mumzikiti simudontha, simufunsidwa kuti mwabwera kudzagula chiyani. Ndakhala mpaka shehe abwera kudzandigwira paphewa: "Kunyumba kuli bwino?" Ndati kuli apongozi. Agwedeza mutu, andisiya kanthawi kena.

Vuto lili kunyumba. Ndikangotsokomola kuseri kwa chitenje changa, apongozi akusiya chimene akuchita, akufunda, akutembenukira kukhoma, kudikira kuti ndidutse. Ine osadutsa. Akadikira n'kutopa, akuvundukula, akutenga supuni. Ine khoo. Akufundanso.

Phala lawo lazizira ali chiyang'anire khoma.

Ndapempha akazi anga awafotokozere kuti uku ndi kudwala chabe. Awafotokozera. Yankho ndalimva ndekha: "Nanga ndidziwa bwanji kuti ichi n'chifuwa, ichi n'chaulemu? Zikumveka chimodzimodzi."

Sakunama.

Ndayesa kuchigwira. Ndatseka pakamwa ndi chipewa, misozi mbwee, kenako chatuluka chonse pamodzi ngati galimoto yokana kulira. Ndamva mbale ikugwa uko.

Tayesa kusintha chizindikiro. Likhweru: mano akutsogolo kulibe, kukungotuluka mphepo. Kugogoda poto ndi supuni: mapoto onse ali kuchipinda, ndipo akugogodedwa kale ndi madontho. Akazi anga akuti ndizingonena kuti ndikudutsa. Kunena kwa yani? Kwa apongozi? Mkazi uyu tawuni yamuwononga.

Makala atsala ochepa, ndipo ndi onyowa.

Loweruka

Thupi latentha. Mutu ukulemera. Ndagona pamphasa, bulangete mpaka m'khosi.

Akazi anga apita kukagula makala ndi mankhwala. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe wabwera kudzanena pazenera kuti ngalande ya kumsika yasefukira, anthu aima tsidya, akudikira madzi aphwe. Ndiye m'nyumba tatsala awiri, ine ndi apongozi, chitenje pakati.

Ndatsokomola. Ndamva akutembenuka. Ndatsokomolanso. Atembenukanso. Kachitatu sindinamve kanthu.

Kenako mawu, osati kwa ine, kwa khoma: "Khoma iwe, uwauze bambo a pakhomo pano kuti khosi langa lauma n'kutembenuka. Ine ndakalamba."

Ine ndayankha kwa denga kuti lipepese m'malo mwanga.

Ndamva akupemerera mbaula, akumasula kamtolo kawo. Fungo la bulugamu ndi mandimu ladzaza nyumba. Kenako chingwe chalira, kuwala kwalowa mbali yanga. Achotsa chitenje! Ine msangamsanga bulangete kumutu.

"Mwachita bwino, fundani momwemo," akutero. Andikankhira poto wotentha pansi pa bulangete, aponda m'mphepete ndi phazi kuti nthunzi isathawe.

Ndakhala mumdimamo thukuta kamukamu, ndikudzilimbitsa mtima kuti palibe chalakwika. Mawu amveka, inde, koma nkhope sindinaione. Mphuno zatseguka. Chifuwa chaleka. Ndakhala chete, kukoma.

Chete ameneyo ndi amene wandipweteka. Apongozi aganiza kuti ndakomoka. Avundukula bulangete.

Kankhope kakang'ono. Mphini ziwiri patsaya. Mphuno ndi ya akazi anga yeniyeni. Tayang'anizana, nthunzi ikukwera pakati pathu, ndipo pothawira palibe.

Andiyang'ana kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, mosafulumira, ngati munthu wogula mbuzi.

"Ndinu amenewa?" akutero. "Mwana wanga ankati ndinu ooneka bwino."

Ndati, "Zinali kale, amayi."

Akuti, "Fundani, simunathe." Andivundikiranso.

Lamulungu

Ikugwabe, mofatsa momwe muja.

Akazi anga atamva aseka mpaka kukhala pansi. Zitenje zija azichotsa, akuti akhala akuzifuna sabata yonse, zovala zawo zonse n'zonyowa. Chingwe chatsala, tayanikapo jekete langa.

Chifuwa chachepa. Ndikatsokomola palibe akutembenuka.

Kadzutsa tadya pamphasa imodzi. Ndatenga mbatata, ndadya iwo akuona. Apongozi akuti, "Kani mumadya ngati anthu ena onse." Andiwonjezera ina.

Ndafunsa ngati mvula ikakata angakonde kukaona sitima, kapena mvuu za ku Liwonde. Akuti iyayi, tawuni aiona, ndi madzi. A minibasi nawo akuti msewu wa kwa Kawinga sukupitika, tidikire kaye. Mpaka liti, sakudziwa.

Ine ndinkayesa kuti ulemu uja unali wosunga iwo. Lero ndikuona kuti unkasunga ine.

Mbale zitachotsedwa, apongozi akokera mphasa yawo pafupi, akhala moyang'anizana nane, anunkhiza fodya, apukuta mphuno. Akuti poti tsopano tikulankhulana, ali ndi mawu amene akhala akundisungira chikwatirire mwana wawo, ndipo palibe ndi limodzi lomwe aiwala. Akuti tiyambire poyamba kuti tisasokoneze.

Ayambira pa nkhokwe imene ndinawamangira ndili mkamwini watsopano. Akuti inali yopendama. Ndati inali pamalo otsetsereka. Akuti malowo ndinasankha ndine. Kuchoka apo tafika pa mizere ya m'munda mwawo, imene akuti ndinkalima ngati njoka yadutsapo. Kenako tambala wawo wofiira, amene ndinapha ndikuyesa ndi wathu.

Akazi anga abwereka ambulera, akuti akukaona ngati kanema watsegula.

Kunja kwayamba kuda. Tikadali m'chaka choyamba.