Mbiri Amawerenga Pamaliro

Ine si munthu wothamangira kuweruza. Kutchalitchi kwathu kuno ku Perth anthu akasemphana mawu amaitana ine, chifukwa ndimamva mbali zonse ndisanatsegule pakamwa. Choncho mukamva kuti Lolemba lina m'mawa, kunja kuli mbee, ndinagwada pabalaza n'kumalankhula ndi denga, musafulumire kuseka. Kapena sekani, mwana wanga anayamba kale.

Nkhani yake ndi ya juzi. Malemu mkazi wanga, mayi a Tadala, anandigulira pakaunjika ku Lilongwe tisanalote n'komwe zodzakhala kuno. Pachifuwa pake panali mutu wa chilombo chimene mpaka lero sindidziwa ngati ndi fisi kapena galu wolusa. Ndinkangoivala, mpaka tsiku lina a Mwale, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira ntchito limodzi mosungira katundu ku Welshpool, anandiimitsa.

"Mudala, muziba vamene mwavala? Iyi ni timu ikulu maningi ya mpira wa ku Amerika. Makapu yachita kuzula mu nyumba!"

M'Chinyanja chawocho ankatanthauza kuti makapu, zikho zimene timuyo inapambana, anachita kudzaza nyumba. Kuyambira tsikulo timuyo inakhala yanga. Mpira wake ndi uja wooneka ngati papaya, osewera atavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Malamulo ake ndinawaphunzira pang'onopang'ono. Mayi a Tadala atatisiya ndinkaonera kwambiri, juzi ili m'thupi ngakhale kutenthe. Nyumba ikakhala zii, ngakhale phokoso la anthu osawadziwa limathandiza.

Mliri utabwera, Tadala, amene ndi namwino pachipatala chachikulu ku Nedlands, anasamukira kuchipinda chakumbuyo chokhala ndi khomo lakelake, kuopa kundibweretsera matenda. Tinkachezera pakhonde, iye uko ine kuno. Masiku amenewo azimayi a kutchalitchi ankasoka masiki, ndipo diso la Tadala linagwera pa juzi yanga.

"Adadi, juzi imeneyo yatha. M'zigongono muli mabowo, khosi lafutukuka. Ndipatseni, patuluka masiki."

"Juzi iyi ili ngati timu yake," ndinatero. "Yakalamba, koma ili ndi mbiri."

"Timu yanuyo mwaiyang'anitsitsa posachedwapa? Woponya mpira wawo anavulala bondo, amene akuponya pano wangochoka kumene kusukulu. Ena awapeza ndi matenda, ali m'nyumba. Masabata onsewa akungoluza. Amene akumana nawo Lolembawo akupambana motsatizana."

"Amenewo ndani? Kapu anaigwirapo?"

"Chabwino, tipangane. Ikaluza Lolemba, juzi ndi yanga."

Akanakhalapo mayi ake akanandiuza mawu awo aja, amene ankanena ndikamatama munthu chifukwa cha dzina lake: mbiri amawerenga pamaliro. Ndinawakumbukira ndithu, koma ndinavomera panganolo. (Sikunali kubetcha ayi. Ine sindibetcha. Linali pangano la m'banja.) Ine womva mbali zonse uja, sindinafunse n'komwe kuti mbali inayo ikusewera bwanji.

Mpira wa usiku ku Amerika kuno umafika Lolemba m'mawa. Sabata imeneyo ntchito ndinkalowa madzulo. Tadala anatuluka m'mamawa, geti ndinaimva ikutsekeka. Kunkatentha kale, choncho ndinatseka makatani n'kuyatsa makina oziziritsa nyumba, aja amakhala padenga, mphepo yake n'kumatulukira pa kazenera ka kusiling'i m'chipinda chilichonse. Mumsewu munalibe munthu. Kunkangomveka akhwangwala a kuno, amene salira ngati akwathu. Awa amabuula ngati munthu wodwala, mawu n'kumatsika mpaka kuzimirira.

Pa TV, bwalo lalikulu lonselo linali lopanda anthu chifukwa cha mliri. M'mipando anaikamo zithunzi za anthu zomata pamakatoni, mizere ndi mizere, onse akumwetulira, palibe wophethira. Koma phokoso la khamu linkamveka, lojambulidwa kale, mwina la anthu ena amene pofika tsikulo anali atagona kumanda. Nthawi zina linkachedwa. Munthu wagwa, wadzuka, kenako makatoni n'kukuwa osatsegula pakamwa. Kamera itadutsa pamipando ndinaona mayi wina wa katoni atapendeketsa mutu momwe ankachitira mayi a Tadala akamadikira kuti ndimalize kudzitama. Ndinayang'ana kumbali.

Mpira unayamba. Woponya wathu watsopanoyo anaugwira, n'kubwerera m'mbuyo, akusakasaka woti amuponyere. Pamenepo ndinamva mawu apansipansi pamwamba pa mutu wanga.

"Waugwetsa."

Mpira unali ukadali m'manja mwake. Ndisanameze malovu, chimunthu china chinamuwomba m'nthiti, mpira uwo pansi.

Ndinadziuza kuti ndi wailesi ya oyandikana nawo. (Oyandikana nawowo ndi azungu okalamba, Chichewa sachidziwa, koma munthu akamaopa amabwereka chifukwa chilichonse.) Ndinakonza juzi, ndinakhala bwino.

Patapita kanthawi, wathu uja anaponya mpira wautali wokongola. Ndinayamba kudzuka kuti ndisangalale.

"Eee, aulanda."

Mpira unali m'malere. Unatsika bwinobwino n'kugwera m'manja mwa wa timu inayo.

Ndinatsitsa mawu a TV mpaka kutheratu. M'nyumba munangotsala mphepo ija ya kudenga ndi khwangwala mmodzi panja. Makatoni ankandiyang'ana. Tsitsi langa, lochepa lomwe latsalali, linaima. Chimene chinandiopsa si ulosi wokha ayi. Mawuwo ndinkawadziwa. Kakokedwe ka "eee" kameneko ndinakhala nako zaka zonse za ukwati wanga.

"Agoletsanso," anatero mawuwo, ndipo anatsonya. Anyamata a timu yopanda kapu ija anathamanga n'kugoletsadi.

Kenako, momveka bwino, ndi kaseko kapansi:

"Mbiri amawerenga pamaliro."

Abale anga, ine ndine Mkhristu. Ndimadziwa kuti akufa akugona, kudikira lipenga. Mutu wanga unkadziwa zimenezi, koma maondo sanauzidwe. Ndinangozindikira ndili pansi, manja pachifuwa, pamutu pa chilombo chija, maso ali pa kazenera.

"Mayi a Tadala," ndinatero, "ngati ndi inu, pepani. Juzi yanu sindinaigulitse. Ndinangopangana ndi mwana. Ndinkayesa ipambana."

Zii.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma chete wa mayi a Tadala ndinkamudziwa, ankatanthauza kuti sunamalize.

"Ndipo chigumu chija amandisiyira pakhomo Mayi Nachisale a kutchalitchi, n'zoona, ndimadya. Koma mbale ndimabweza tsiku lomwelo. Sindilowa m'nyumba mwawo. Ndimaima pageti."

Kenako denga linayankha.

"Pitirizani."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipitirize. (Inde, ndinali wokonzeka.) Koma mawu aja analephera kudzigwira, anaphulika kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kutsokomola.

"Adadi, ndine! Ndine Tadala! Dzukani pansipo, ndamva maondo anu akulira!"

Zimene zinachitika n'zakuti atafika kuchipatala m'mawa uja anadandaula za pakhosi. Anamuyeza n'kumubweza kuti akadikire zotsatira kunyumba. Analowera kumbuyo mwakachetechete, anagona pabedi n'kumaonera mpira womwewo pafoni, ndipo zapafoni zinkafika msanga pang'ono kuposa za pa TV yanga. Iye ankangonena zimene waona. Mapaipi a kudenga ndi amene ankanditumizira uthengawo. (Zotsatira zinabwera zabwino, tithokoze Mulungu. Chinali chimfine wamba.)

Timu yanga inaluza moipa. Chigoli sindinena, ana angawerenge.

Masana ndinavula juzi, ndinaipinda bwino, n'kukaiika pampando wa pakhonde, pakati pa iye ndi ine. Pangano ndi pangano. Tadala anaiyang'ana nthawi yaitali, kuseka kutamuthera.

"Sindinkadziwa kuti ndimalankhula ngati amama," anatero.

"Ngakhale kutsonya," ndinayankha.

"Mukafuna isungeni, adadi. Ndinkangocheza."

Ndinakana. Mawu aja ndinawamva kuchokera kudenga, ndipo kaya anadzera mwa ndani, anali oona. Juziyo inali itatha, ndinkangovala mbiri yake.

Tadala sanadule pamsana monga ndinkaganizira. Anadula pachifuwa. Patapita masiku anandipatsa masiki imodzi, mano a chilombo chija ali pakamwa penipeni. Nthawi itafika yoti tonse tizivala masiki, ndinalowa nayo m'tchalitchi, ine woyanjanitsa anthu, ndikuoneka ngati ndikufuna kuluma abusa. Mayi Nachisale anaseka mpaka kutuluka panja. Mmene anasekeramo ndikukayika kuti nkhani ya chigumu inathera m'nyumba mwathu.

Pali chimodzi chimene Tadala sindinamuuze. Pamene anati "ndine", mantha anandichokera, koma sindinadzuke msanga. Si maondo okha amene anandichedwetsa. Ndikanakonda denga lija lindikalipire pang'ono pokha.

Masiku ano a Mwale akandifunsa kuti apambana ndani, sindiyankha msanga. Ndimafunsa kuti wavulala ndani, akudwala ndani, sabata zapitazi asewera bwanji. Ndimamvetsera zonse mofatsa, n'kugwedeza mutu. Kenako ndimatchula timu yanga, koma motsitsa mawu, ndiponso kutali ndi kazenera ka kudenga.