Akavalo Asanu Pamaso pa Apongozi

Mpaka lero ndikamva njinga yamoto ikudutsa, bondo langa lamanzere limakumbuka zimene mutu unayesetsa kuiwala.

Patapita mwezi chimwalirire mkazi wanga Nambewe, akuchikazi anatumiza uthenga kuti Loweruka m'mawa ndikapezeke kwawo, kufupi ndi Khombedza, pa mwambo wometa maliro. Kuchedwa kukanatsimikiza zimene ankanong'onezana kale, zoti sukulu inandiphunzitsa kunyoza mwambo. Zikanatero, mwana wanga wamkazi, amene anatsala m'manja mwawo, ndikanamamuonera patali.

Ku ofesi ya zaulimi ku Chitala, kumene ndinkagwira ntchito, kunali njinga zamoto ziwiri, ndipo bwana anati ndibwereke imodzi. Ndinawerenga timabuku take. Yaing'ono, imene ndinaizolowera, inali ndi mphamvu ya akavalo awiri, yaikulu, asanu. (Kavalo ndinali ndisanamuonepo, koma masamu ndinkakhoza.)

"Tengani kakang'onoka, alangizi," anatero Che Saidi, makaniko wathu.

"Buku likuti asanu."

"Walahi! Bukulo linapondapo mchenga? Kwerani kaye mukatembenukire pamlambe apo."

Sindinaiyese. Loweruka ndinangonyamuka pa yaikuluyo.

Pamsewu waukulu inathamangadi. Nditalowa kanjira kakumudzi, mchenga unayamba kundilanda chiwongolero. Kenaka kutsogolo kunatulukira amayi atatu, mitsuko ili pamutu, ndipo wapakati anali apongozi anga.

Mkamwini sakumana ndi apongozi maso ndi maso, amapatuka. Thupi linapatuka lokha, osandifunsa. Khu! Njinga pamwamba, ine pansi, gudumu likuzungulirabe, buluku litang'ambika pamalo osatchulika. Ndinayesa kuikankha, osatheka. (Za kulemera kwake bukulo linalemba ndithu, patsamba lomwelo. Mzere umenewo ndinaudumpha.)

Apongozi anaima atandifulatira, monga mwa ulemu.

"Afunseni ngati ali moyo," anauza mnzawo.

"Akuti muli moyo?"

"Auzeni kuti ndili bwino ndithu," ndinatero, mchenga uli m'kamwa.

"Ndiye adzuke."

Ndinakankhanso, njinga osasuntha.

Zimene ndinaona pambuyo pake sindizimvetsa mpaka pano. Apongozi anatula mtsuko, nabwera chammbuyo, napapasa chitsulo cha njingayo, n'kuinyamula pamodzi ndi anzawo, nkhope ataloza kumitambo. Kenaka anavula nsalu yawo yapamwamba n'kuiponya kumene ankaganiza kuti ndili.

"Mwana wanga uja sankagula mbiya asanaigogode," anauza mnzawo uja. "Mwamuna yekhayu ndiye anangotola osagogoda."

Anaseka, mawu n'kuduka pakati. Nanenso ndinaseka, koyamba chiikire maliro, ndipo sindinena kuti kusekako kunathera pati.

Ndinametedwa pa nthawi yake, nsalu ya apongozi ili m'chiuno, mwana wanga atakhala pabondo lotupa lomwelo. Sindinamusunthe.

Lolemba Che Saidi anayang'ana nyali yosweka, kenaka mutu wanga wampala.

"Akavalo aja mwawakwera bwanji, alangizi?"

"Buku silinaname," ndinatero. "Analipodi asanu. Onse anandikwera."