Kafuzivele Kamodzi Kasowa

Lolemba, dia 9

Ndilembe, ndingasokoneze chiwerengero.

Bambo a Lusiya apita dzulo ku Tete ndi kamiyau, lole ya mbatatesi, abwera Lamulungu. Galimoto yathu aisiya pakhomo, pamtunda apa. Malamulo asiya atatu:

1. Kiyi ndizipotoza kamodzi kokha, pokarega telefoni ikatha moto.
2. Alamu a Zakaliya, mng'ono wawo, asagwire kiyi.
3. Lusiya asalowe m'galimoto.

Lamulo lachitatulo ndaphwanya lero. Kunja kukuzizira, mwana akulira, ndamukhazika m'katimo mofunda, ine ndikuyanika nyemba chapafupi. Kenako zii. Mwana wa zaka ziwiri akati zii, thamanga! Ndampeza pansi pa chiwongolero, pomwe pali kabokosi kopanda chivundikiro. Wazula tizinthu ta miyendo iwiri yachitsulo, tofiira, tachikasu, ta azulu ngati thambo. Maswiti enieni. Kamodzi kali m'kamwa, ndakatulutsa ndi chala.

Mabowo opanda kanthu: oitu (8).
Tomwe ndatola: seti (7).

Ndasesa pansi pa mipando, ndakutumula tapeti, mwana ndamuvula zonse. Seti basi. Ndamufunsa, "Kena kali kuti, mama?" Waloza pamimba n'kuseka. Amaloza pamimba ngakhale umufunse kuti agogo ali kuti, koma lero ndaopa kuti wakameza.

Bambo ake aimba. Ndati tonse tili bwino. Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, dia 10

M'mamawa wapansi ku posto, kachipatala kathu kaja, mwana kumsana. A enferimera, anamwino athu, amufinya pamimba, iye akuwakoka ndolo. Ati: "Akudya, akusewera, ndiye dikirani katuluka kokha. Muziyang'ana chimbudzi chake. Koma akasanza, akakana chakudya, mimba ikauma, musabwere kuno, thamangirani ku chipatala chachikulu komwe kuli makina ounikira m'mimba."

Kuthamangira pa chiyani? Galimoto ili pakhomo yozulidwa mano!

Ndiye pulano yanga: ndibwezere tonse, galimoto ikhale tcheru. Zikavuta alamu ayendetsa. Zikapanda kuvuta bambo a Lusiya sadziwa kanthu.

Ndalowetsa mosiyanitsa mitundu kuti zioneke bwino, bowo limodzi latsala. Kenako ndayesa chilichonse. Zomwe ndaona:

Popanda kiyi: buzina ikulira pipiii (nkhuku zonse balala), kanyale ka kudenga kakuyaka.
Kupotoza kamodzi: wailesi, ndi pokaregera telefoni.
Kupotoza kawiri (lamulo loyamba lapita!): tinyale tofiira kutsogolo, ndipo ndikakhudza kamtengo, zopukutira galasi zikugwedezeka.

Zagwedezeka katatu, ndamva kuti thu pansi paja, zaima pakati pa galasi ngati munthu wakweza manja. Ndazula kofiira, ndaunika padzuwa. Kawaya ka m'kati kaduka.

Tamoyo: seisi (6).

Chimbudzi cha Lusiya ndasefa ndi sefa wa ufa kuseri kwa khola. Chimanga chiwiri chathunthu. Palibe.

Lachitatu, dia 11

Lamulo lachiwiri lapita. Ndaitana alamu, ndawalumbiritsa, ndawapatsa kiyi. Aulandira ndi manja awiri ngati mgonero.

Akuti tizinthuti ndi mafuzivele. Andiphunzitsa ataima ngati pulofesoro: "Mlamu, bateriya ndi chitsime. Kabokosi aka ndi pogawira madzi m'dimba, bowo lililonse ngalande yake: iyi ya nyale, iyi ya buzina, iyi ya bomba yokoka mafuta. Kiyi ndi khasu lotsegulira. Ngalande zina n'zotsegula usana ndi usiku, zina zimadikira khasu."

Ine ndimayesa kofiira kamadziwa ntchito yake. Ayi ndithu, akuti ntchito ndi ya bowo, kafuzivele ndi kamlatho chabe. Nambala ili pamsana pake, dezi, kinze, vinte (10, 15, 20), ndiyo mphamvu. Anakapanga kofooka dala, kuti moto ukachuluka kafe iko, waya apulumuke. Ndiye ine ndinaika ka dezi pa ngalande ya vinte.

Ndafunsa kuti bowo liti ndi la chiyani. Ati zinalembedwa pa chivundikiro. Chivundikirocho chinasowa tisanakwatirane.

Ayesa okha. Atsegula chopemerera mphepo, thu! Tamoyo: sinku (5).

Apotoza kiyi mpaka kumapeto. Injini yati ka-ka-ka ngati nkhuku yodwala chitopa, basi. Chitsime chauma. Dzulo ndinasiya chitseko chosatsekeka bwino, kanyale kakudenga kamwa mpaka m'mawa, kuphatikiza zoyesa zanga zonse zija.

Apongozi amva, sindikudziwa kwa yani (ndikudziwa). Sanakalipe, angoti, "Mupatseni therere, chilichonse chimaterereka." Lusiya wadya therere katatu.

Sefa: njere ya nyemba, ndi batani. Batani! Linasowa liti?

Lachinayi, dia 12

Alamu akuti galimoto yopanda bateriya imadzuka poikankha. Abwera ndi amuna anayi ochokera kumunda. Nkhani yomwe ndimafuna isatuluke pakhomo.

Ndamangirira Lusiya kumsana ndi nsalu ziwiri. Akankha. Yatsika pamtunda, alamu aponya giya, yadumpha ngati chule, yatsokomola, siinagwire. Aponyanso. Aponyanso. Njira yatha. Iwo adakaponyabe!

Tsopano galimoto ili m'dimba la apongozi, matayala akutsogolo m'ngalande yeniyeni ya madzi, mizere inayi ya mbatatesi pansi pake.

Alamu atuluka, matope m'maondo: "Ndadziwa! Bomba ya mafuta sikulandira moto. Bowo lake ndi limodzi mwa atatu opanda kanthuwa." Mmodzi wa okankha wati, "Ndiye muike mwanayo m'bowomo, fuzivele ali nayo." Onse aseka. Ine ndalira.

Galimoto yoti imutengere kuchipatala ikudikira kanthu kali m'mimba mwake. Ndani anamvapo zotere?

Telefoni yathima masana. Pokaregera pake pali m'dimba.

Sefa: therere lokhalokha.

Lachisanu, dia 13

Alamu abwereka bateriya ya solara ya ku tchalitchi. A katekista alola atamva kuti ndi za mwana, abwera okha kudzaiyang'anira, ataikumbatira.

Ndati tichotse kafuzivele ka wailesi tiziyesa bowo limodzilimodzi. Alamu ati zimenezo n'zochedwetsa. Adula waya wa kumpanda wa nkhuku, apinda katatu, atseka mabowo onse atatu. Ndati, "Alamu, si inu munati kamlatho kazikhala kofooka?" Ati, "Zija zinali za sukulu, izi ndi za emerijensiya."

Apotoza. YALIRA! Injini yalira! Ndalulutira, apongozi alulutira ngakhale ili pa mbatatesi zawo, a katekista akweza dzanja kumwamba.

Ndawerenga mpaka teni, ayi, mpaka dezi. Kenako fungo la pulasitiki. Utsi pansi pa chiwongolero. Nsonga ya waya wa nkhuku imakhudza chitsulo cha galimoto, ndipo akuti chitsulo chonsecho ndi njira yobwerera moto ku bateriya. Ndiye moto wapeza chidule, popanda kamlatho koti kafe. A katekista athamanga kuposa mnyamata, azula chingwe, anyamula bateriya yawo, sanatsanzike.

Kabokosi kasungunuka mbali imodzi ngati kandulo. Mawaya amatana.

Tamoyo: tiwiri. Alamu akuti mawa ali ndi ulendo wa ku Ntengo-Wambalame.

Sefa: palibe.

Loweruka, dia 14

Lusiya wakana phala. WAKANA PHALA. Wakankha supuni, wagwira pamimba, akulira.

Ndati basi, ndiwauze bambo ake zonse, andithamangitse akafuna, bola anene chochita. Ndatenga telefoni. Yakuda bii. Nambala yawo ili m'kati momwemo, pamtima ndimangodziwa manambala atatu oyamba. Apongozi alibe telefoni. Alamu apita nayo yawo.

Ndathamanga ku posto, nsapato m'manja, kuti mwina andipezere choyendera. A enferimera amugoneka, amufinya uku ndi uku. Mimba yofewa. Amupatsa bisiketi ya bolasha, wadya, wapempha ina. Andifunsa zomwe wakhala akudya. Ndanena. Avula magalasi: "Therere m'phala, mayi? Masiku anayi? Ngakhale ine ndikanakana."

Akuti ndipitirize kuyang'ana. Ndipitirize! Masiku asanu ndi limodzi, kakanakhala koti katuluke si kakanatuluka? Kakola pati?

Pobwerera ndapeza apongozi atagwira sefa wanga ndi zala ziwiri kuseri kwa khola. Afunsa funso limodzi: "Ufa munandipatsa Lachitatu uja munasefera chiyani?" Ndalumbira kuti ndinabwereka sefa wina. Ndi zoona. Sakukhulupirira.

Lamulungu, dia 15

Bambo a Lusiya afika masana titangoweruka ku tchalitchi. Aima pomwe anasiya galimoto. Atsatira mapazi a matayala ndi maso mpaka kudimba. Zopukutira galasi zidakakwezabe manja.

Ndagwada, Lusiya ali m'manja, ndanena zonse kuyambira Lolemba: oitu, seti, posto, sefa. Ndati galimoto ndawononga ndine, koma tipeze choyendera lero lomwe, mwana akaunikidwe.

Apisa m'thumba la malaya, atulutsa kapepala kopindapinda, afunyulula. Ka azulu. Kinze.

"Ka bomba ya mafuta. Ndimachotsa ndikamachoka, kuti Zakaliya asaiyendetse."

Ndakhala pansi pomwepo, pafumbi. Sindikudziwa ngati ndimaseka kapena ndimalira. Kanali ku Tete! Sabata yonse ndikusefa, iko kali ku Tete kukugulitsa mbatatesi.

Afunsa, "Lolemba lija bwanji osanena?" Ndati, "Inu bwanji osanena?" Anyamula Lusiya, amupsompsona pamimba, atsikira naye kudimba. Ndamva ali kumeneko akuti "Mayo ine" kawiri.

Mmene zilili:

Mwana: ali bwino, wadya mbatatesi zitatu.
Galimoto: ng'ombe za apongozi zidzaikoka mawa, akakhululuka.
Mawaya: mpaka abwere mekaniku wa ku Tsangano.
Alamu: sanabwerebe.
Sefa: wakhala wa khola.
Batani: ndasokera pa malaya a bambo ake. Ndi lawo. Sindinawauze komwe ladzera.

Madzulo ano bambo ake anaika ka azulu kaja patebulo. Ndacheuka kamodzi, Lusiya wakatola, dzanja lili panjira ya kukamwa. Ndalanda. Ndakamanga pa mfundo ya nsalu yanga pamodzi ndi tiwiri totsala tija.

Titatu. Ndawerenga kanayi. Titatu.